Chevrolet SS ya 350: ndikonze bwanji pansi pa boneti ndili pakhomo?

Chilenje_SS72

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi Chevrolet SS ya 1972, zija zinkamangidwa ku Port Elizabeth, ku South Africa, pa thupi la Holden Monaro, chiwongolero kumanja, injini ya V8 ya ma cubic inch 350 ndi kabuleta ya Quadrajet. Imalira bwino ndipo kunja penti akadali wowala, koma pansi pa boneti sipali bwino. Oyilo ndi fumbi zagwirana ngati nkhoko za mumphika. Mawaya ena ndi olumikiza ndi tepi yomwe yayamba kumatuka, ena angolendewera osapita kulikonse. Pansi pa batire pali dzimbiri, ndipo pansi pa master cylinder ya mabuleki penti anasupuka mpaka chitsulo chikuonekera.

Ndikufuna kukonza ndekha pakhomo, injini ili momwemo, chifukwa ndilibe chokwezera. Ndili ndi kompresa ya malita 50 ndi masipanala wamba. Ndiyambire pati? Penti wake ndi uti? Nanga mawayawa ndingawabise bwanji kuti piringupiringu ameneyu athe?

Makanika_Matero

Amalume, motoka imeneyo ndi yosowa, musathamangire chitini cha penti. Penti amabwera kumapeto kwenikweni. Mukapenta injini yodontha, pakatha milungu itatu fumbi la Lusaka limamatirira paliponse pomwe pali oyilo, nkhoko zija n'kubwerera pamwamba pa ntchito yatsopano.

Musanamasule kanthu jambulani ndi foni mbali zonse, makamaka kumbuyo kwa kabuleta komwe timapaipi ta vacuum timakumana. Waya aliyense ndi paipi iliyonse yomwe mwazula muimate katepi ka nambala, kuno ndi uko. Mabawuti a chinthu chimodzi alowe m'kathumba kawokawo.

Pa masipanala wamba aja m'pomwe pali msampha. Kuno tinazolowera Toyota ndi Nissan, zonse za mamilimita, koma 350 ndi ya mainchi. Mupeze 7/16, 1/2, 9/16 ndi 5/8, masipanala ndi masoketi omwe. Ya mamilimita 13 imalowa pa mutu wa 1/2 koma imagwedera, poti 1/2 ndi mamilimita 12.7, ndipo pa bawuti ladzimbiri imaterereka n'kudya makona. Choopsa koposa ndi mazinga. Bawuti la M6 limayamba kulowa m'bowo la 1/4 ngati lakwana, kenako limalimba, ndipo mukakakamiza mwapha mazinga a mu cylinder head. Bawuti likasowa funani la UNC, la mazinga a mainchi, mupite ndi linzake m'thumba kukayerekeza.

Potsuka injini ikhale yozizira ndipo batire lichoke, kuyambira waya wa negative. Kabuleta, distributor ndi alternator muziveke mapulasitiki n'kumanga ndi malegeni. Nkhoko zokhuthala zipaleni ndi kathabwa, zotsala muzisungunule ndi parafini ndi burashi yolimba. Malita 5 amakwana. Pamwamba pake pabwere degreaser ya madzi kapena sopo wa mbale m'madzi ofunda, n'kutsukuluza ndi madzi oyenda pang'onopang'ono. Petulo ayi ndithu: nthunzi yake imakwawa pansi, mbaula ya pakhonde yokha ikhoza kuiyatsa. Caustic soda ndi mankhwala otsukira uvuni amachotsa girizi msanga koma amadya aluminium, kuisiya yotuwa ndi mawanga osachoka. Pansi pa motoka yalani makatoni ndi utuchi, ku msika wa Buseko sumasowa. Madzi a pansi pa mzinda uno ali pafupi, m'miyala ya ming'alu, ndipo oyilo wothiridwa padothi amakathera m'zitsime zomwe ana amamwa.

Ikauma fufuzani podontha. Mwazani pawuda wa ana m'mphepete mwa ma valve cover, kutsogolo ndi kumbuyo kwa intake manifold, ndi mozungulira pampu ya petulo. Lizani injini mphindi 15, kenako muyende ndi tochi. Oyilo watsopano amalemba mzere wakuda pa pawudayo, ndipo mzerewo muulondole chokwera, chifukwa pomwe wagwera si pomwe watulukira. Pa 350 anthu amanamizira rear main seal, ya kumbuyo kwa crankshaft, pomwe wolakwa ali pamwamba: kakhoma ka kumbuyo kwa intake, gasiketi ya pansi pa distributor, kapena sender ya oil pressure yomwe ili pambali pake pomwepo. Zonsezi zimatsetsereka pa bellhousing n'kumaoneka ngati zachokera pansi.

Palinso kabowo komwe ambiri sakadziwa. Kutsogolo kwa block, mbali ya pampu ya petulo, pali mabowo awiri a 3/8, ndipo lapamwambalo limatulukira mkati momwe mumayenda kandodo kokankha pampu. Likakhala pululu limalavula oyilo. Litsekeni ndi bawuti lalifupi, losapitirira 3/4 ya inchi, lopaka sealant. Lalitali limakanikiza kandodoko, pampu n'kuima.

Ma valve cover akale amakhala otifuka pa bowo lililonse chifukwa cha kumanga mopitirira. Ikani mlomo wake pa thabwa lolimba, gogodani ndi hamala yaing'ono mpaka uwongoke, muyese ndi rula yachitsulo. Gasiketi imatidwe ku cover, osati ku head. Timabawuti tinayi ta cover iliyonse timafuna 5 Nm chabe, mphamvu ya dzanja pa screwdriver. Mukapitirira, gasiketi ya cork imafinyika n'kung'ambika. Ngati intake ichoke, chongani pomwe rotor ikuloza ndi momwe thupi la distributor lakhalira musanaizule. Timphira ta kumapeto tomwe timabwera mu seti ya magasiketi a intake titayeni, muike mzere wa silicone wonenepa mamilimita 6, ndipo mabawuti mumange kuyambira pakati kupita kunja, 40 Nm ngati intake ndi yachitsulo, 34 Nm ngati ndi ya aluminium.

Nambala ya injini ili pa kamalo kosalala kutsogolo kwa head ya kumanja. Pamenepo pasafike grinder kapena sandipepa wokhakhala. Pukutani ndi parafini, matani tepi popenta, pambuyo pake mupakepo kagirizi. A RTSA (bungwe loona za mamotoka ndi chitetezo pamsewu) kapena apolisi akaifuna iwerengeke bwino. Nambala yooneka yokwechedwa imabweretsa mafunso ambiri. Chimodzimodzi timbale ta nambala ta pa thupi.

Wamawaya_Kabwata

A Matero alongosola bwino, ine ndigwire za mawaya. Kubisa waya n'kosavuta. Chofuna maso ndi kumubisa pomwe sadzapsa kapena kukhulika, chifukwa waya wobisika akayamba kufuka utsi simumuona msanga.

Masulani tepi yonse ya harness (mtolo wa mawaya) ya pansi pa boneti, koma pa mphambano iliyonse mumange cable tie momasuka kuti mtolo usabalalike. Kenako waya aliyense mumutsate ndi multimeter kuchokera komwe wayambira mpaka komwe wathera. Olendewera aja musawadule musanawadziwe. Ena amakhala ndi moto nthawi zonse, ndipo kuwadula n'kuwafunyira mkati ndi kutchera moto m'motoka. Wopanda ntchito achoke yense kuchokera pa gwero lake. Otsalawo muwapinde pachala: chikopa chikang'aluka kapena kuuma ngati udzu wa mu September, asinthidwe.

Pogula, kaya m'mashopu a m'tauni kaya ku msika wa Soweto, palani tinsinga ta waya ndi mpeni. Mkati mukayera ndiye kuti ndi aluminium wovekedwa copper. Amatentha msanga ndipo amafumbwa pa mfundo. Waya wa m'nyumba wa nsinga imodzi yolimba amathyoka ndi kunjenjemera kwa injini. Wa 1.5 mm² amakwanira ma sender ndi timagetsi tating'ono, 2.5 mm² ma headlight. Wochokera ku alternator akhale 6 mm² ngati ndi yakale ija, koma mukaika ya 100 A mufuna 16 mm².

Mfundo zikhale za crimp yofinyidwa ndi chida chake, osati pulayazi, pamwamba pake heat shrink ya guluu mkati. Solder imakwera m'tinsinga n'kuumitsa waya, ndipo amadzathyokera pomwe solderyo yathera. Mfundo zisakhale pamalo amodzi, muzitalikitse kuti mtolo usachite chotupa. Pokulunga gwiritsani tepi yansalu ya harness. Tepi wamba yakuda ija guluu wake amasungunuka m'dzuwa la October, n'kuyamba kunanda ndi kutola fumbi, zomwe mukuzionazo.

Njira yabwino ndi m'munsi mwa mlomo wa fenda, mtolo utagwiridwa ndi ma P-clamp a mphira masentimita 20 alionse. Ena amadutsitsa kunja, mbali ya tayala. Kumeneko kuli miyala ndi matope, choncho popanda paipi yolimba yotetezera musayese. Paliponse pomwe waya akuboola chitsulo pakhale grommet. Atalikirane ndi exhaust masentimita 10, ndipo kumanja, komwe sitata, exhaust ndi zachiwongolero zapanikizana, muveke sleeve yosapsa. Pakati pa injini ndi thupi musiye kaukulu ka masentimita 4 kapena 5, poti V8 imagwedezeka mukaponda moto, ndipo waya wokungika amazuka.

Chenjerani ndi waya wopita ku positive ya coil ngati distributor yanu ikadali ya ma point. Pa mamotoka a GM a zaka zimenezo ameneyu ndi wa resistance: amatsitsa moto kufika cha m'ma 8 kapena 9 V injini ikamayenda, ndipo poliza sitata pali wina wochokera ku solenoid wopereka 12 V yonse. Mukamufupikitsa kuti aoneke bwino, kapena kumusintha ndi waya wamba, ma point amapsa ndipo coil imatentha. Mukaika distributor ya HEI, ya electronic yopanda ma point, zimatembenuka: iyo imafuna 12 V yathunthu, wa resistance achoke. Muyambe mwayeza malo, chifukwa chipewa cha HEI n'chachikulu ndipo chimayandikira firewall, khoma lachitsulo la pakati pa injini ndi mokhala anthu.

Kawaya kofewa ka fusible link kamaoneka konyansa ndipo ambiri amakataya. Ndiko kamapsa m'malo mwa harness yonse. Ngati simukukafuna, ikani fyuzi yaikulu pamalo pake.

Earth ndiye amavutitsa anthu akangomaliza kupenta. Pakhale atatu: batire kupita ku block, block kupita ku chassis, head kupita ku firewall. Pomwe akukhala palani penti mpaka chitsulo chiwale, ikani washala ya mano, mangani, pakani Vaseline pamwamba. Earth akasowa, moto wa sitata umafuna njira ina, umadutsa mu kebulo ya accelerator, n'kuitentha mpaka kumatirira. Kuyesa kwake: multimeter pakati pa negative ya batire ndi block, wina akuliza sitata. Ikawerenga kupitirira 0.3 V, earth sali bwino.

Mawaya a mapulagi muwasinthe mmodzimmodzi. Firing order ya 350 ndi 1-8-4-3-6-5-7-2, rotor imazungulira ngati wotchi, ndipo 1, 3, 5, 7 ali kumanzere mukakhala pampando, 2, 4, 6, 8 kumanja. Onetsetsani 5 ndi 7: ndi oyandikana ndipo amawomba motsatizana. Mawaya awo akagona limodzi mtunda wautali, moto wa 5 umalumphira mwa 7 nthawi isanakwane, injini n'kumagogoda. Choncho osawamanga mtolo umodzi ndi cable tie ngakhale zimaoneka zaudongo. Ikani ma separator, ndipo pakati pa 5 ndi 7 padutse waya wina. Amene ali ndi SS ya 308 asatengere order imeneyi, injini ya Holden ili ndi yakeyake.

Wopenta_Garden

Bwana, ndinene mosabisa: injini ili momwemo, firewall ya kumbuyo kwa distributor ndi pansi pa booster ya mabuleki simudzaipenta mokwanira. Chain block ndi miyendo itatu yachitsulo zimabwerekeka, ndipo ntchito yake imatuluka ina. Koma ngati mwatsimikiza, chotsani zonse zotheka: redieta, fani, alternator ndi mabulaketi ake, kabuleta, tireyi ya batire, hutala, mota ya ma wiper. Boneti nayo ichoke, mutazunguliza pensulo pa mahinji kuti idzabwerere pamalo pake.

Yambani ndi mabala awiri aja. Pansi pa batire ndi asidi. Sungunulani supuni ziwiri za soda wophikira mu lita imodzi ya madzi, thirani, dikirani thovu lithe, bwerezani mpaka lisatulukenso. Mukapenta asidi akadalipo, penti amatutuma pasanathe miyezi. Kwechani ndi burashi ya waya, pakani rust converter ya phosphoric acid, iume usiku wonse. Pakakhala timabowo, chitsulocho chidulidwe n'kuwotcherera china. Filler pa malo onyamula batire sakhalitsa. Pansi pa master cylinder ndi brake fluid. DOT 3 ndi DOT 4 amasupula penti ngati madzi otentha pa nthenga za nkhuku. Kawirikawiri imakhala seal ya kumbuyo, fluid n'kumatsikira pa booster. Ikonzedwe, mabuleki atulutsidwe mpweya, malowo atsukidwe ndi madzi ambiri, ndiye penti abwere.

Penti wakale yemwe akadali wogwira musamuchotse yense. Mukhuleni ndi sandipepa wa 320, m'makona ndi Scotch-Brite yofiira, mpaka pasakhale powala. M'mphepete mwa posupuka musalaze kuti chala chisamve chitunda. Pukutani kawiri ndi wax and grease remover, nsalu imodzi yonyowetsa, ina youmitsa. Ngati pansi pa boneti panapoperedwapo mankhwala owalitsa matayala kapena dashibodi, pukutani katatu, chifukwa silicone wake amachititsa timaenje tomwe timati fisheye. Pa chitsulo chamaliseche papite etch primer wopyapyala kapena epoxy primer.

Pa makoma sankhani wakuda wa satin. Wowala kwambiri amaulula chitunda chilichonse, wosawala konse amamwa oyilo ndipo sapukutika. Wa 2K, wosakaniza ndi hardener, ndiye wolimba, sasungunuka ndi petulo, koma hardener yake ili ndi isocyanate yomwe imawononga mapapo. Kamasiki ka fumbi sikathandiza, ndipo pakhomo pali ana ndi oyandikana nawo. Popanda malo otseka ndi masiki yake yeniyeni, gulani wa m'zitini: 5 kapena 6 za 400 ml pa makoma, 3 za engine enamel pa injini, wopirira madigiri 260, mtundu wa Chevrolet Orange. Kompresa yanuyo ingakoke kamfuti kakang'ono ka nozzle ya 1.0, koma pa paipi pakhale chokola madzi, apo ayi idzalavulira madontho pa ntchito.

Injini iyambe. Mawaya, mapaipi ndi zokhotakhota muzikulunge ndi foyilo ya kukhitchini, imagwira yokha popanda tepi. M'mabowo a mapulagi musiye mapulagi akale, pakamwa pa intake mutseke ndi katoni ndi tepi. Chitini chitalikire masentimita 25. Ulendo woyamba ndi wachiwiri ukhale wa nkhungu chabe, chitsulo chizionekerabe, mphindi 10 pakati. Wachitatu ndiye wonyowa. Mukafuna kuphimba zonse ulendo umodzi penti amachita misozi. Pakatha masiku awiri fundikani injini ndi nsalu yakale ya pabedi ndi pulasitiki, mupente makoma.

Nyengo nayo muiwerenge. May mpaka July ndiye nthawi yake, koma m'mawa chitsulo chimakhala chozizira ndipo penti sagona bwino, choncho poperani pakati pa 10 ndi 14 hours, pamthunzi. August ndi September mphepo imanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa. Nthawi yamvula chinyezi chimachititsa penti kuyera ngati mkaka. Musanayambe wazani madzi pansi mozungulira motoka.

Ma exhaust manifold engine enamel sangawapirire. Amafuna sandblast ndi penti wa madigiri 650 kupita m'mwamba, wopyapyala, ndipo amalimba ndi kutentha: injini ilire mphindi 10, izizire 20, ilirenso 20, izizire 20, kenako muyende nayo 30. Utsi wotuluka ulendo woyamba usakuopseni. Redieta ingolandira kankhungu kamodzi, wokhuthala amatseka timipata ta mphepo. Ndipo aluminium mukaitsuka ndi madzi a borehole muipukute pompo, chifukwa laimu wa m'madzi athu amasiya mawanga oyera.

Chilenje_SS72

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndalemba zonse. Injini ndiisiya momwemo chaka chino. Ndifunsenso zitatu. Ndinaona ma valve cover a chrome okhala ndi ka breather mbali zonse. Ndingachotse paipi ya PCV kuti pamwamba payere? Mapaipi a heater ndi chophimba cha fani nazonso zikudzaza malo. Ndiponso ndimaganiza zoika fyuluta ya petulo ya galasi ija ndi kusamutsira batire ku buti.

Makanika_Matero

Amalume, pa kusiya injini momwemo ndikugwirizana nanu. A Garden akunena zoona za firewall, koma injini ya 350 imalemera kupitirira makilogalamu 250, ndipo miyendo itatu yobwereka padothi la pakhomo si yoseweretsa.

PCV isachoke. Imayamwa nthunzi ya m'crankcase n'kukaiwotcha. Mukaichotsa, mpweyawo umadzipezera njira pa ma seal ndi magasiketi omwe mwangosintha kumene, ma breather amapuma oyilo pa chrome wanuyo, ndipo oyilo wa mkati amada msanga. Zoyenera ndi izi: PCV pa cover imodzi kupita pa port yaikulu ya pansi pa kabuleta, breather ya sefa pa cover inayo. Paipi yake ikhoza kufupika n'kudutsa mwaudongo. Ma cover a chromewo muwatembenuze musanagule. Pansi pa bowo pakhale kachitsulo kotchinga, apo ayi PCV imamwa oyilo weniweni, motoka n'kuyamba kufuka utsi. Otchipa ambiri milomo yake ndi yopyapyala ndipo amadontha kuposa akale owongoledwa. A aluminium okhuthala ndiwo amagwira gasiketi bwino.

Fyuluta ya galasi iiwaleni. Imamasuka yokha ndi kunjenjemera, imasweka, ndipo imakhala pamwamba pa injini yotentha. Ikani yachitsulo. Kuchokera ku pampu kufika ku kabuleta ikhale paipi yachitsulo ya 3/8 yopindidwa ndi bender, ya flare mbali zonse. Ya copper imapindika mosavuta n'kuwala bwino, koma imauma ndi kugwedezeka mpaka kung'aluka. Pomwe mphira sungapeweke pakhale pafupi, wolembedwa SAE J30R7 kapena R9, osati paipi ya madzi. Pomasula pa Quadrajet gwiritsani masipanala awiri, ya inchi imodzi igwire nati yaikulu, ya 5/8 izungulitse yaing'ono. Mazinga a pakamwa pa kabuleta imeneyi ndi ofewa, akangodyeka petulo amadontha pa manifold.

Paipiyo isagone pa block kapena pa paipi ya madzi otentha. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo pamenepa madzi amawira cha pa madigiri 96. Petulo nayenso amawira msanga. N'chifukwa chake mu October, mukaima pang'ono pa Great East Road n'kuzimitsa, imavuta kulira. Spacer ya phenolic pansi pa kabuleta imathandiza, koma imakweza air cleaner. Yezani motere: ikani chibuluma cha dongo, kapena nsima yozizira m'kapulasitiki, pamwamba pa air cleaner, tsekani boneti pang'onopang'ono, tsegulani, muone momwe chaphwatalalira. Pasachepere masentimita 2. Sefa yake ikhale ya pepala, fumbi lathu ndi losalala kwambiri, ndipo nati ya pamwamba imangidwe ndi zala chabe.

Chophimba cha fani chisiyeni, chipenteni. Ndicho chimakakamiza mphepo kudutsa mu redieta motoka ikaima pa mzere. Mapiko a fani alowe theka mkati, theka kunja. Chitsekero cha redieta chikhale cha 1 bar, chimakweza powirira ndi madigiri opitirira 20, ndipo pakhale botolo la overflow. Thermostat ya madigiri 82 ikhalemo. Injini ndi redieta zimamwa malita pafupifupi 15; thirani coolant wosakaniza ndi madzi a distilled, poti a borehole amaundana laimu m'timapaipi.

Heater ingachoke ngati mwatsimikiza, koma mvula ikamagwa ndiyo imachotsa nkhungu pa galasi. Mukaichotsa tsekani mabowo ndi ma plug achitsulo a mazinga. Tizipewa ta mphira timang'aluka ndi kutentha, madzi onse n'kutayika muli pamsewu. Ine ndingakonde muike mapaipi atsopano akuda, oduka bwino, ogwiridwa ku fenda ndi clamp.

Exhaust manifold musanaimasule, mabawuti ake amwe mafuta omasulira dzimbiri masiku atatu. Zachitsulo zakalezi zikachoka zimakhwinyata pang'ono, mabowo osalunjikanso, choncho pobwezera lowetsani mabawuti onse ndi dzanja musanamange lililonse. Nsalu yokulunga ma exhaust ija imasunga chinyezi ndi oyilo, musaike.

Wamawaya_Kabwata

Za batire, bwana, ine ndingati lisiyeni kutsogolo. Tireyi yokonzedwa, chomangira chabwino ndi mawaya atsopano a 35 mm² oduka pa muyezo wake zimaoneka bwino kale, ndipo sitata imalandira moto pafupi.

Mukalisamutsa, ntchito yake si ya theka. Waya wa mamita pafupifupi 5 akhale 50 mm², wa welding amakwanira bwino. Sitata ya V8 imakoka 150 mpaka 250 A, ndipo waya wowonda pa mtunda umenewo amaichititsa ulesi, makamaka injini ikatentha. Vuto lalikulu ndi loti chingwe chonenepa choterocho, cha moto nthawi zonse, chikakhulika pa chitsulo chimawotcherera ngati welding ndipo palibe chochizimitsa. Njira yake ndi kuika solenoid ya mtundu wa Ford m'buti pafupi ndi batire, kuti chingwecho chizikhala ndi moto poliza sitata pokha. Wa alternator ndi wodyetsa motoka yonse ayende payekha, 16 mm², fyuzi yake isatalikire batire kupitirira masentimita 20. Batire likhale m'bokosi lotseka, lomangidwa ndi mabawuti oboola pansi okhala ndi mawashala aakulu, ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja, chifukwa mpweya wa batire umayaka. Earth wa kumbuyo akhale wonenepa chimodzimodzi ndi wa positive.

Tsiku lobwezera moto, kaya batire lili kuti, musangolumikiza. Zonse zili zozimitsa, ikani test lamp pakati pa negative ya batire ndi waya wake. Ikayaka mowala pali short penapake, ifuneni musanapitirire.

Makanika_Matero

Ndipo poliza koyamba air cleaner ikhale pamalo pake, chozimitsira moto cha ufa cha makilogalamu 2 chili m'manja mwa munthu wachiwiri, osati m'nyumba. Mphindi yoyamba maso akhale pa mfundo za petulo. Pitsani pepala loyera pansi pa iliyonse, limaonetsa dontho lomwe diso silingaone. Muone kuti accelerator ikubwerera yokha ndipo masipuling'i ake onse abwezedwa. Injini ikatentha n'kuzizira kawiri, bwererani ku mabawuti a intake, a exhaust ndi ma clamp a mapaipi a madzi, mudzapeza amasuka pang'ono. Engine enamel sabata yoyamba amakhala akadali wofewa, petulo akangodonthera amasiya chipsera, choncho pansi pa kabuleta muyale kansalu pokonza idle, muchotse mukamaliza.